Kutentha kwa Injini ndi Ntchito ya Thermostat pa Misewu ya Lundazi

Injini iliyonse ya petulo kapena ya dizilo imapeza mphamvu powotcha mafuta m'masilinda, koma mwa mphamvu zonse zimene zili m'mafutawo, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndi limene limayendetsa galimoto, pamene gawo lachiwiri limatuluka ndi utsi ndipo lachitatu limalowerera m'zitsulo za injini monga kutentha. Kutentha kumeneku kumatengedwa ndi madzi amene amazungulira m'timipata ta mkati mwa injini, ndipo madziwo amakakutaya mu redieta, chipangizo cha timapaipi tambirimbiri chimene chimakhala kutsogolo kwa galimoto kuti mphepo izichiwomba. Pakati pa injini ndi redieta pali kachipangizo kakang'ono kokwana m'dzanja kotchedwa thermostat, kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi. Kachipangizoka kamautsa mkangano pakati pa eni galimoto ndi amakaniko, chifukwa ena amakhulupirira kuti kuika thermostat yotseguka msanga kumaziziritsa injini ndi kuiwonjezera mphamvu, pamene ena amaichotseratu ponena kuti inapangidwira mayiko ozizira.

Boma la Lundazi, lomwe lili m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia kumalire ndi Malawi, ndi malo abwino ounikirapo nkhaniyi chifukwa galimoto za kumeneko zimakumana ndi nyengo ziwiri zosiyana kwambiri. Tauni ya Lundazi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata potsata msewu wa M12, ndipo ili pamalo okwera kupitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, kotero kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri m'mamawa. Chakumadzulo, kudzera m'boma la Lumezi limene linadulidwa ku Lundazi mu 2018 pamodzi ndi la Chasefu, dziko limatsika kulowa m'chigwa cha Luangwa, kwa mafumu monga Chitungulu, Mwanya ndi Kazembe, kumene m'mwezi wa Okutobala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40 pa muyeso wa Celsius. Galimoto zambiri zoyenda m'misewu imeneyi ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, monga Toyota Corolla, Hiace ndi Land Cruiser, komanso malole a Canter onyamula chimanga, thonje, mtedza ndi soya, ndipo zambiri zimalowa m'dziko kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Nakonde.

Mmene thermostat imagwirira ntchito

Mkati mwa thermostat muli kachibotolo kachitsulo kodzaza ndi phula la mtundu wa limene amapangira makandulo, losakanizidwa mwaluso kuti lizisungunuka pa kutentha kodziwika. Phula likamasungunuka limafufuma, ndipo pofufumapo limakankha kandodo kachitsulo kamene kamatsegula valavu, ndiye kuti kachitseko ka njira ya madzi. Madzi akazizira phulalo limaumanso n'kunyala, ndipo sipuling'i imabwezera valavuyo pamalo pake. Luso logwiritsa ntchito phula motere linayambitsidwa ndi Sergius Vernet ku United States m'zaka za m'ma 1930, ndipo linalowa m'malo mwa mtundu wakale umene unkadalira nthunzi ya madzi owira msanga otsekeredwa m'kachitsulo kopindapinda.

Pa thermostat iliyonse pamadindidwa nambala yosonyeza kutentha kumene valavu imayambira kutseguka. Injini zambiri za Toyota zimatuluka ku fakitale ndi thermostat ya madigiri 82, imene imayamba kutseguka pa kutentha kumeneko ndipo imatseguka kotheratu madzi akafika pafupifupi madigiri 95, pamene galimoto zina, makamaka za ku Ulaya ndi ku America, zimakhala ndi ya madigiri 88 kapena kuposerapo. Zipangizo zochokera ku America zimalembedwa pa muyeso wa Fahrenheit, choncho nambala 160 imatanthauza madigiri 71 a Celsius, 180 imatanthauza 82, ndipo 195 imatanthauza pafupifupi 91. Injini ikakhala yozizira valavu imakhala yotseka, ndipo pampu imangozunguliza madzi mkati mwa injini kudzera m'kanjira kachidule kosafika ku redieta, kuti zitsulo zitenthe mofulumira ndiponso mofanana mbali zonse.

Chifukwa chake injini iyenera kutentha

Anthu ambiri amaganiza kuti injini yozizira ndiye yotetezeka, koma opanga injini amaipanga kuti izigwira bwino ntchito madzi ake akakhala pakati pa madigiri 80 ndi 100. Chifukwa choyamba chili m'zitsulo: pisitoni, yomwe ndi chitsulo chokwera ndi kutsika mu silinda, imapangidwa ndi aluminiyamu amene amafufuma kwambiri akatenthedwa, ndipo mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda umayezedwa kuti ukhale woyenera pamene zonse zatentha. Chifukwa chachiwiri chili mu oyilo, amene akazizira amakhala wolimba, amayenda pang'onopang'ono ndipo amadya mphamvu zina za injini pomukankha. Kuwotcha mafuta kumatulutsanso nthunzi ya madzi, ndipo ina mwa nthunziyo imadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kukasanduka madzi mu oyilo. Oyilo akapanda kutentha mokwanira kuti madziwo auluke, amasakanikirana ndi mwaye n'kupanga matope akuda amene amatseka timipata ta oyilo ndi kudya zitsulo.

Chifukwa chachitatu chikukhudza mafuta. Petulo sauluka bwino m'silinda yozizira, choncho kompyuta ya injini, imene imadziwa kutentha kwa madzi kudzera mu sensa yomizidwa m'madzimo, imathira petulo wochuluka mpaka injini itatentha. Madzi akapitirira kukhala ozizira, kompyutayo imapitiriza kuthira mafuta oposa muyeso, ndipo zotsatira zake n'zakuti galimoto imamwa kwambiri, mapulagi amada, petulo wosapsa amatsuka oyilo wa pa makoma a masilinda, ndipo chipangizo chosefa utsi cha mu ekizozi chimawonongeka msanga. Galimoto zambiri zamakono zimayatsa nyali yochenjeza zikazindikira vutoli, ndipo makina ounikira amaonetsa nambala P0128, imene imanena kuti madzi sakufika pa kutentha koyenera. Injini ya dizilo, imene imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa popanda pulagi, imavutika mwa njira yakeyake, chifukwa ikazizira siwotcha mafuta onse ndipo imatulutsa utsi wambiri ndi mwaye.

Thermostat yotseguka msanga ndi galimoto zampikisano

Maganizo oika thermostat ya madigiri 71, kapena yotsikirapo, anachokera kwa anthu okonza galimoto zaliwiro, ndipo ali ndi maziko ake. Mu injini ya petulo yopanikiza mpweya kwambiri, kapena yokhala ndi turbo, chipangizo chozunguliridwa ndi utsi chimene chimakankhira mpweya wochuluka m'masilinda, mafuta amatha kuphulika okha mbali ina ya silinda moto wa pulagi usanafikeko. Kuphulika kosalongosoka kumeneku, kumene kumamveka ngati kugogoda kwa chitsulo, kumatha kuboola pisitoni, ndipo kumachitika mosavuta mutu wa injini ukatentha kwambiri. Kompyuta ikamva kugogodako imachedwetsa nthawi yothetheka moto pa pulagi, zimene zimateteza injini koma zimachepetsa mphamvu. Choncho mutu wa injini ukakhala wozizirirako, wokonza galimoto amatha kusintha malamulo a mu kompyuta kuti moto uzithetheka mofulumirirako, ndipo mphamvu zimakwera pang'ono.

Zambia ili ndi mbiri yaikulu pa mipikisano ya galimoto za m'misewu yafumbi, popeza Satwant Singh anapambana mpikisano wa African Rally Championship kasanu ndi katatu, Muna Singh anaupambana mu 2004 ndi mu 2005, ndipo Jassy Singh anaupambana mu 2013. Galimoto za mipikisano yotere zimathamanga ndi mphamvu zonse kwa nthawi yaitali m'fumbi ndi m'dzuwa, koma chimene chimazisunga si thermostat yokha ayi: zimakhala ndi redieta yaikulu, chipangizo china choziziritsa oyilo, mafani amphamvu, kompyuta yokonzedwa mogwirizana ndi zonsezi, komanso oyilo amene amasinthidwa pafupipafupi. Ngakhale pa mipikisano ya Formula One cholinga sichikhala injini yozizira, chifukwa injini zake zimayamba zatenthetsedwa ndi madzi otentha zisanalizidwe, ndipo pothamanga madzi ake amapitirira madigiri 100 atapanikizidwa kuti asawire. Opanga galimoto wamba nawonso anapeza njira yapakati, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani monga BMW anayamba kuika thermostat yokhala ndi kawaya kotenthetsa phula, kamene kompyuta imakayatsa kuti valavu itseguke msanga pokhapokha injini ikalemedwa.

Malire a zimene thermostat ingachite

Mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi ndi yakuti thermostat imangolamula kutentha kotsikitsitsa kumene injini ingagwirire ntchito, koma ilibe ulamuliro pa kutentha kokwereratu. Valavu ikatseguka kotheratu ntchito yake yatha, ndipo kuyambira pamenepo kutentha kwa madzi kumadalira kukula ndi ukhondo wa redieta, kuchuluka kwa mphepo yodutsamo, mphamvu ya pampu, katundu amene galimoto yasenza ndi kutentha kwa kunja. Lole ya Canter yodzaza ndi thonje ikamakwera kuchokera kuchigwa masana a mu Okutobala, madzi ake atafika madigiri 100, thermostat ya 71 ndi ya 82 zonse zimakhala zotsegukiratu, ndipo palibe kusiyana kulikonse pakati pa ziwirizi. Kutsegula chipata cha khola m'bandakucha sikukulitsa dambo limene ng'ombe zikukadya. Chimodzimodzi thermostat yotseguka msanga imangochedwetsa kuwira kwa mphindi zochepa, koma siwonjezera kutentha kumene redieta ingathe kutaya.

Masamu ake ndi osavuta kuwatsata. Redieta imataya kutentha molingana ndi kusiyana kwa kutentha kwa madzi ndi kwa mphepo yakunja, kotero kuti madzi a madigiri 95 m'mphepo ya madigiri 40 amasiyana nayo ndi madigiri 55, pamene madzi a madigiri 71 m'mphepo yomweyo amasiyana nayo ndi madigiri 31 okha. Kuti injini yolemedwa ikhazikike pa madigiri 71 kuchigwa cha Luangwa, pangafunike redieta yotaya kutentha pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi yofunika pa madigiri 95. M'galimoto zokhala ndi fani yamagetsi muli vuto linanso, chifukwa faniyo imayatsidwa ndi kompyuta kapena siwichi yake madzi akapitirira madigiri 90, mosayang'ana thermostat imene yaikidwa, ndipo galimoto ikamayenda pang'onopang'ono mumchenga madzi amakwerabe mpaka pamenepo. Pamene thermostat yotseguka msanga imaonetsadi mphamvu zake ndi m'mawa wa mu Juni pa msewu wa Chipata, galimoto ili yopepuka ndipo mphepo ili yozizira, yomwe ndi nthawi imene injini imafunika kutentha osati kuzizira.

Chizolowezi chochotseratu thermostat

M'magalaja ambiri a kum'mawa kwa Zambia ndi ku Malawi, nkhani siikhala yosankha pakati pa 71 ndi 82, koma yochotseratu kachipangizoka galimoto ikangofika kuchokera ku Japan kapena ikangoyamba kuwira. Chizolowezichi sichinabwere popanda chifukwa, pakuti thermostat yokalamba imatha kukanirira ili yotseka, ndipo zikatero injini imawira m'mphindi zochepa. Munthu amene zamuchitikira kutali ndi sitolo ya zipangizo amachita bwino kuichotsa kuti akafike kumene akupita. Cholakwika chimabwera pamene njira yopulumukira pangozi yasanduka lamulo la masiku onse. Maganizo akuti kachipangizoka n'ka m'mayiko ozizira okha amagwa poona kuti ngakhale tsiku lotentha kwambiri la kuchigwa limachepera ndi madigiri oposa 30 pa kutentha kumene injini imafuna, ndiponso kuti galimoto zatsopano zogulitsidwa m'mayiko otentha a ku Arabia ndi ku Australia zimabwera ndi thermostat.

Pali ngozi ina imene sidziwika kwambiri. M'injini zambiri, kuphatikizapo zambiri za ku Japan, thermostat ili ndi kambale kachiwiri kumunsi kwake, kamene kamatseka kanjira kachidule kaja pamene valavu yaikulu ikutseguka, kuti madzi onse akakamizike kudutsa mu redieta. Thermostat ikachotsedwa kanjirako kamakhala kotseguka nthawi zonse, ndipo gawo lina la madzi otentha limangobwerera mu injini osafika ku redieta. Motero galimoto yopanda thermostat imatha kuvutika mbali zonse ziwiri, kuzizira mopitirira muyeso potsetsereka ndi m'mamawa, kenako kuwira pokwera chitunda ndi katundu, ndipo kusinthasintha kotereku kumatopetsa gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake.

Zimene zimawiritsadi injini m'misewu imeneyi

Injini imene kale inkayenda bwino ikayamba kuwira, chifukwa chake chimapezeka kawirikawiri m'malo ochepa odziwika. Oyamba ndi kunja kwa redieta, kumene fumbi la m'chilimwe, matope a m'dzinja, njere za udzu ndi tizilombo zimamatirira pa timapepala tachitsulo ta pakati pa mapaipi n'kutsekereza mphepo, ndipo mankhwala ake ndi kutsuka mosamala ndi madzi kuchokera kumbuyo, mosapinda timapepalato. Achiwiri ndi mkati mwa redieta, mmene madzi a pa mjigo kapena a mumtsinje amasiya miyala ya laimu ndi dzimbiri zimene zimachepetsa timipata ndi kutchinga kutentha. N'chifukwa chake opanga galimoto amalangiza kugwiritsa ntchito coolant, madzi osakanizidwa ndi mankhwala a ethylene glycol pamodzi ndi mankhwala oletsa dzimbiri, amene amakwezanso pang'ono kutentha kumene madzi amawirira. Mankhwalawa amatsekemera koma ndi poizoni woopsa, choncho ayenera kusungidwa kutali ndi ana ndi ziweto.

Malo achitatu, amene ndi ofunika kwambiri kumalo okwera ngati Lundazi, ndi chivindikiro cha redieta. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma pa mamita 300 aliwonse amene munthu wakwera, muyesowu umatsika ndi digiri imodzi, kotero kuti ku Lundazi madzi a mumphika amawira pafupifupi pa madigiri 96. Chivindikiro chabwino chili ndi sipuling'i ndi labala zimene zimapanikiza madzi, ndipo nambala 0.9 kapena 1.1 yolembedwa pamwamba pake imasonyeza kukula kwa kupanikizako pa muyeso wotchedwa bar. Chivindikiro cha 0.9 chimachititsa kuti madzi asawire mpaka atapitirira madigiri 115. Labala yake ikang'ambika kupanikizako kumatha, ndipo madzi amayamba kuwira pa kutentha kumene thermostat yangomaliza kumene kutseguka, injini ilibe vuto lina lililonse. Zina zofunika kuunika ndi lamba wolefuka, fani yosazungulira mokwanira, chibakuwa chozungulira fani chimene chinachotsedwa, mapiko a pampu odyeka ndi dzimbiri, mapaipi odontha, komanso gasiketi yopsa, imene imadziwika ndi thovu losatha mu redieta, utsi woyera ndi oyilo wosanduka mtundu wa mkaka.

Kuyeza, kusankha ndi kuika

Thermostat yokayikitsa siyenera kutayidwa isanayezedwe, popeza kuyeza kwake kumangofuna poto wa madzi, moto ndi choyezera kutentha. Ikamangidwa pa kawaya n'kumizidwa m'madzi mosakhudza pansi pa poto, iyenera kuyamba kutseguka pafupi ndi nambala yodindidwa pa iyo, kutseguka mamilimita 8 mpaka 10 madzi akayandikira kuwira, kenako kutsekeka yokha ikazizira. Yolephera mayesowa ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala ndi kapangidwe kofanana ndi kamene wopanga injini analamula, kuphatikizapo kambale kachiwiri kaja ngati injiniyo imakafuna. Poiika, mbali ya sipuling'i imaloza ku injini, ndipo kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwedera, kamene kamatulutsa mpweya wotsekeredwa m'madzi, kamaikidwa chakumwamba.

Injini ikawira panjira, dalaivala ayenera kuima pamalo otetezeka, kuzimitsa injini ndi kudikira kuti izizire asanakhudze chivindikiro, chifukwa madzi opanikizidwa amatumphuka ndi nthunzi yowotcha koopsa, ndipo madzi ozizira othiridwa mu injini yotentha kwambiri amatha kung'alula mutu wake. Muvi wa geji yosonyeza kutentha kwa injini ukangoyamba kukwera, kutsegula hita ya mkati mwa galimoto pa mphamvu zonse kumathandiza kutaya kutentha kwina mpaka malo oimapo atapezeka.

Thermostat yotseguka msanga ili ndi malo ake m'galimoto yokonzedwera mpikisano, mmene redieta, mafani, oyilo ndi kompyuta zasinthidwa pamodzi kuti zigwirizane nayo. Kwa mwini minibasi yoyenda pakati pa Lundazi ndi Chipata, kapena lole yotenga mbewu kuchigwa, phindu lake ndi lochepa poyerekeza ndi mafuta owonjezera ndi kutha msanga kwa injini, ndipo kuichotseratu kumangobisa vuto limene likupitirira kukula. Ndalama zoterozo zimagwira ntchito yeniyeni zikagula chivindikiro chatsopano, coolant woyenera, lamba wabwino ndi thermostat ya nambala imene wopanga injini analamula, ndiponso zikalipira makaniko wotsuka redieta miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala isanafike.